Nsikidzi za M'mipando Yathu

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndiyankheni kaye funso ili, moni abwera kumapeto: mpando umene mungaope kukhazikapo mwana wanu, mungaugulitse kwa mwana wa mnzanu? Musathamangire kuyankha. Ndikukudziwani, mwayamba kale kupukusa mutu n'kumati Tsabola wayambanso. Inde ndayamba, koma ulendo uno amene ndamukwiyira kwambiri si inu.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni sitimvana. Inu mumandidula mawu, ine ndimakweza mawu, kenako netiweki imatileretsa. Pepala silidula munthu pakamwa. Muwerenge mpaka pansi ngakhale zilembo zili zokhotakhota, mukudziwa kuti dzanja ili linazolowera lumo ndi sitepula yokhomera nsalu pamipando, cholembera n'chachilendo.

Mukumbukira mmene munkanyamuka munandisiyira makiyi a shopu ya malemu bambo, mutagwirizana kale ndi Wasiponji, bambo uja wa kagalimoto kobiriwira, kuti azitibweretsera matiresi akale tiziduladula n'kumaika m'masofa m'malo mwa siponji yatsopano. Zifukwa zanu ndikuzikumbukira, ndipo sindinena kuti zinali zopusa. Munati palibe lamulo lonena kuti m'kati mwa mpando muzikhala chatsopano. Munati siponji yakwera mtengo moti mipando yathu azigula ndi mabwana okha, pamene ndi yakaleyi ngakhale mlonda akhala pofewa. Munatinso shopu ikagwa, Amisiri amene amatikhomera matabwa ndi Atelala amene amatisokera nsalu adzadya chiyani, nanga mankhwala a shuga a amayi adzachokera kuti. Ine ndinalalata m'mawa wonse. Masana ndinavomera.

Tsopano mverani zimene zachitika.

Mukuwadziwa Mayi a Ambulera, amayi aatali aja amene ankagula mipando kwa bambo ife tili ana, oyenda ndi ambulera kaya kuli dzuwa kaya kulibe. Mwana wawo wamwamuna, mphunzitsi, anakwatira chaka chino. Anakwatira mtsikana woluka tsitsi amene ali ndi kasaluni kuseri kwa famasi, mwana wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Mayiwo anabwera okha kudzagula seti ya masofa ya mphatso ya ukwati. Sanatsitse n'komwe mtengo. Anangoti, "Pa shopu ya malemu sindisankha, chilichonse n'chabwino."

Loweruka lina mwezi watha shopu inadzaza. Panali bambo wina ndi mkazi wake akusankha nsalu ya seti yaikulu, ine mtima uli m'mwamba. Ndiye analowa mtsikana uja, atavala malaya a manja aatali kukutentha chotero.

"Pepani mayi," anatero, "ndingalankhule nanu pambali?"

"Pano palibe pambali, mwana wanga. Zanga zonse ndi poyera. Nena."

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatulutsa m'chikwama kabotolo ka mafuta odzola. M'kati munali tizilombo tofiirira tikuyendayenda.

"Izi zikutuluka m'mipando ija. Ndapopera mankhwala, ndachapa makatani, ndathira madzi otentha paliponse, koma zikungobwerera. Kuchipinda kunalibe. Zinayambira pabalaza."

Anapinda dzanja la malaya kuti andionetse mkono, wonse uli totupa tokhatokha. Achimwene, ndikuuzeni zoona: mkono umenewo sindinauone tsiku limenelo. Chimene ndinaona ndi dzanja la bambo wogula uja likuchoka pang'onopang'ono pampando umene anatsamira. Mutu unangotentha.

"Iwe," ndinatero, mokweza kuti ndi pamsewu pomwe amve, "nsikidzi sizipalidwa ndi Amisiri, sizisokedwa ndi Atelala. Nsikidzi zimabadwa m'nyumba ya mkazi wosasesa. Kuluka mitu ya anthu ukudziwa, koma tsache sudziwa kogwira. Usabwere nawo pano uve wako."

Anthu anaseka. Ine ndinamva kukoma. Ndinatenga khushoni, n'kutsegula zipi, n'kuzungulira nayo shopu yonse. "Onani nokha, siponji yoyera ngati mkaka. Ine sindibisa kanthu."

Sindinadziwe kuti mtsikanayo sanabwere yekha. Pakhomo panaima Mayi a Ambulera. Anabwera kudzamva okha, chifukwa nkhaniyi inali itavuta kale kunyumba. Anapinda ambulera yawo bwinobwino n'kunena kuti, "Zikomo mayi, mwandithandiza. Ndimayesa ndine mpongozi wankhanza." Kenako kwa mtsikanayo: "Wamva wekha. Tiye."

Bambo uja anagula seti yake. Madzulo ndinafotokozera amayi nkhaniyi ngati nthabwala.

Apa ndiyenera kunena chimene inu simukuchidziwa. Inu munangoti tiziika siponji yakale. Za kuyera kuja si zanu, ndi zanga. Nditaona kuti makasitomala ena amatsegula zipi, ndinayamba kugula siponji yatsopano yopyapyala ngati chala, n'kumaimata ndi guluu pamwamba ndi m'mbali mwa yakaleyo. Ukatsegula umaona zoyera, ukadina umamva kufewa. Palibe anandiphunzitsa. Ndinadzitama nazo, n'kumati munthu wosapita patali kusukulu nayenso mutu umagwira. Ndiye potsegula zipi ija pamaso pa anthu ndinkadziwa chimene chili pansi pake. Za nsikidzi sindinkadziwa, koma ndinkadziwa kuti ndikunama, ndipo ndinanama ndi mawu omwewo amene ndimatchuka nawo m'tauni muno, akuti ine sindibisa.

Sabata yatha, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinapeza Amisiri atagona pabenchi panja, chipewa kumaso, thukuta lili kamukamu. Kale ankagona m'chipinda chosungira siponji chifukwa n'kozizira.

"Amisiri, mwayambana ndi ndani m'chipinda muja?"

"Muli eni ake, mayi," anayankha osachotsa chipewa. "Lendi salipira koma amadya bwino."

Atelala anaseka pamakina, kenako ataona nkhope yanga anasiya.

"Eni ake ati?"

Sindinadikire yankho. Ndinalowa m'chipindamo, n'kukokera matiresi amodzi panja padzuwa, n'kuwang'amba ndi mpeni. Achimwene, zotere sindinaonepo. M'ming'alu monse munali timadontho takuda, mazira oyera ngati mchere, ndipo nsikidzi zazikuluzikulu zinkathawa kuwala zili mdipiti. Fungo lake likadali m'mphuno mwanga. Ndinakoka ena, chimodzimodzi.

"Mwadziwa liti zimenezi?"

"Kalekale."

"Nanga bwanji osandiuza?"

Atelala ndiwo anayankha, maso ali pa singano. "Kuuza inu, mayi? Tinaona zimene munamuchita mwana uja. Ife tili ndi ana."

Mawu amenewo anandilasa kuposa nsikidzizo. Zaka zonsezi ndimayesa anthu amandilemekeza chifukwa ndimanena chilungamo. Kani amangondiopa. Pakamwa pamene ndimati ndi pa chilungamo ndi pomwe panatseka pakamwa pa anthu awiri amene akanandiuza zoona.

Wasiponji anabwera tsiku lotsatira, akuimba mluzu, galimoto itadzaza.

"Matiresi amenewa mumawatenga kuti?"

"Ku nyumba zogona alendo, mlamu."

"Iwo amawatayiranji?"

"Aa, mlamu, munthu amataya chinthu chabwino?"

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Achimwene anu anafunsa mtengo. Inu munafunsa kukula kwake. Za amene amagonamo palibe anafunsa."

Ndinamuponyera chitini cha guluu. Ndinaphonya, chinaswa galasi la kabati ya kasitomala. Koma Wasiponji sananame. Sitinafunse chifukwa ine ndi inu tinkadziwa kuti yankho lake litidulira phindu.

Ndinapita kukamufuna mtsikana uja. Kasaluni kake ndinakapeza kotsegula, iye atakhala yekha akupesa tsitsi la chidole chophunzirira. Nkhani ija inayenda. Ndani angagoneke mutu pamiyendo ya munthu amene shopu yonse inamva kuti ndi wansikidzi? Makasitomala ake anasamukira kwa mnzake wa tsidya la msewu. Ndipo kunyumba kwa mwamuna wake anachokako. Mayi a Ambulera anamuuza kuti abwerere kwawo akaphunzire kusamala m'nyumba, mphunzitsiyo osatsutsa. Pano akugona pabalaza kwa mkulu wake, ndipo mkulu wakeyo anamuuza kuti zovala zake zizikhala panja m'thumba lapulasitiki.

Ine amene sindisowa mawu ndinaima pakhomo ngati mbuzi yogulitsa. Kenako ndinanena zonse, za matiresi, za guluu, za zipi. Ndinayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangopitiriza kupesa chidole chija.

"Ndinkasamba katatu patsiku," anatero. "Ndinafika pokhulupirira kuti mwina ndinedi."

"Pepa, mwana wanga."

"Pepani wanu mwabwera naye kuno kopanda anthu, mayi. Zija munanena pa anthu."

Ndinafunsa ngati akufunabe kubwerera kwa mwamuna wake. Anati sakudziwa. Anati chimene akufuna n'chakuti akabwerera kapena akapanda kubwerera, chikhale chosankha iye, osati chifukwa anamuthamangitsa ngati wauve. Ndiyeno anagwira pamimba n'kuyang'ana kumbali. Sindinafunse, nanenso ndine mkazi.

Kuchoka apo ndinalunjika kwa Mayi a Ambulera, mpeni uli m'chikwama, kuti ndikang'ambe mpando umodzi aone okha. Mipando ija ndinaipeza ili pakhonde, ataiphimba ndi nsalu. Anandilandira bwino, anandipatsa madzi, anamvetsera mpaka ndinamaliza. Mphunzitsi anakhala pakona, akutembenuzatembenuza foni m'manja.

"Mayi," anatero mayiwo, "tsiku lija munanena zina, lero mukunena zina. Ndimve ziti? Wakulirirani mtsikanayo, mwamumvera chisoni. Ndi mtima wabwino, koma musaipitse dzina la bambo anu chifukwa cha chisoni."

"Ndiloleni nding'ambe mpando umodzi. Ndidzaukonza ndekha."

"Mphatso ya mwana wanga simuiika mpeni. Ndipo mukapezamo nsikidzi, zikhala zoti zinalowa kuchokera m'nyumba."

Apo mphunzitsi anatsegula pakamwa koyamba. Anati Loweruka lomwe lija iye anaimba nambala imene ili pachikwangwani cha shopu, imene ndi yanu, achimwene. Anati munamuuza kuti chilichonse cholowa m'mipando yathu n'chatsopano, ndipo munatchula dzina la bambo. Anati atamva mwini wake wa shopu akutero, mwana wamwamuna wa malemu, analibenso chomutetezera mkazi wake. Foni imeneyi simunandiuzepo. Sindikukuimbani mlandu woposa wanga, ine ndinanama maso ndi maso, inu munanama muli kutali. Koma bodza langa ndayesa kulibweza ndipo lakana, chifukwa latsamira pa lanu. Mayiwo ananena poyera pondiperekeza: "Akanena mwini wake, ndidzamva."

Zinandiwawa, ndisaname. Ine ndi amene ndimatsegula shopu imeneyi m'mawa uliwonse, zala zanga ndi zimene zili ndi zipsera, koma mawu anga salemera ngati a munthu amene sanagwire sitepula chichokereni. Zimenezo tidzakangana tsiku lina. Lero zikungotanthauza kuti kiyi wa nkhaniyi ali m'thumba mwanu.

Ndikudziwa zimene munene, ndiye ndikuyankhiranitu.

Munena kuti sitinaphwanye lamulo. Mwina. Ine malamulo sindinawerenge. Koma lamulo silinagone pabalaza la mkulu wake wa mtsikanayo. Ngati chabwino n'chokhacho chimene wapolisi sangakumangire, ndiye kuti Wasiponji ndi munthu wolungama kuposa tonse.

Munena kuti anthu ambiri apindula, osauka akhala pofewa, mabanja atatu adya, ndipo wovulala ndi mmodzi. Nanenso ndinkawerengera choncho, ndipo ndinkagona tulo. Koma powerengapo tinkawerenga ife, amene phindu linkabwera kwa ife. Mwana uja sitinamufunse ngati akulola kukhala mmodzi ameneyo. Ndiponso ndani wakuuzani kuti ndi mmodzi? Mipando yonse imene tapanga chiyambireni ndi Wasiponji ili m'nyumba za anthu. Mwina pali akazi ena amene akutukwanidwa pano, amene alibe mtima wobwera ndi kabotolo.

Siponji yakale payokha si tchimo, apo ndikuvomerezani. Tikanaichapa, kuipopera, kuiyanika, n'kumuuza wogula kuti iyi ndi yakale mtengo wake ndi uwu, iyo ndi yatsopano mtengo wake ndi uwo, sankhani, ambiri akanasankha yakaleyo mosangalala. Chimene tinawabera anthu ndi kusankhako. Ine muyeso wanga tsopano ndi umodzi, ndaupeza mochedwa: chimene sindingathe kumuuza wogula ali chiimire patsogolo panga, sindiyenera kuchiika m'mpando mwake. Bambo ankasiya pansi pa mpando posakhoma mpaka mwini wake abwere aone m'kati. Tinkawaseka kuti akuchedwetsa ntchito.

Munenanso kuti tikaulula shopu igwa. Apa ndilibe yankho lokoma. Mwina igwadi. Amisiri anandifunsa dzulo kuti, "Mayi, chilungamo chanuchi chikatha, ife tikadya kwa ndani?" Sindinawakalipire, ndikuphunzira. Ndinawauza kuti sindikudziwa. Nkhawa yawo ndi yoona, ndi yanganso, mankhwala a amayi sadikira kuti mbiri ya shopu ichire. Koma sindingadyetse ana a Amisiri ndi ukwati wa mwana wa eni.

Zimene ndachita osakufunsani ndi izi. Matiresi onse ndinawatengera kudzala n'kuwatentha, chipinda chija tapopera. Wasiponji ndamuuza kuti akadzaimikanso galimoto pakhomo pathu sindidzaphonya. Ndayamba kuyenda m'nyumba za amene ndikuwakumbukira kuti anagula, ndikuwauza kuti tibwera kudzachotsa za m'kati n'kuika zina. Bambo wa seti yaikulu uja ananditchula dzina limene sindingalembe m'kalata. Mayi wina anangokhala pansi n'kulira, anati mwamuna wake wakhala akunena kuti zinabwera ndi achibale ake. Loweruka likubwerali, nthawi imene shopu imadzaza, ndiika mpando pakhomo, ndiung'amba, ndipo ndinena mokweza ngati mmene ndinanenera tsiku lija kuti mwana uja ananena zoona, wauve ndinali ine. Mukafuna kundichotsa pa shopu chifukwa cha zimenezi, makiyi ali pa msomali pomwe munawasiya.

Tsopano moni.

Amayi ali bwino, shuga watsika, mwendo ndi umene ukuvutabe kukazizira. Sakudziwa chilichonse. Nthabwala ija ndinawauza anaiseka, ndipo mpaka lero akamaona ndikusesa amati, "Sesa bwino, angakutumize kwanu." Ndimaseka nawo, kenako ndimatuluka panja. Aona kuti sindikudya, akuyesa ndi malungo. Atamva kuti ndikukulemberani anati ndikuuzeni kuti amakunyadirani, kuti ngakhale muli kutali mwasunga dzina la bambo anu. Ndalemba monga ananenera. Ndiwauza ndekha Loweruka lisanafike, asadzamve kwa anthu a pamsewu, ndipo ndikanakonda kuti powauzapo ndidzathe kunena kuti ana awo onse awiri akonza.

Mundiperekere moni kwa alamu. Jekete ija inafika, ndi yaikulu pang'ono koma ndapinda manja. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene sindinamunyamulepo. Pa chithunzi chija mphumi ndi ya bambo yeniyeni. Atelala akupereka moni. Amisiri ati moni wawo adzapereka akadziwa ngati ntchito ilipo.

Ine ndimakukondani, achimwene, mukudziwa. Ndinu amene munkandibisa kuseri kwa matabwa bambo akandifuna ndi lamba chifukwa cha pakamwa pangapa. Sindikukupemphani ndalama, sindikukupemphani kuti mubwere. Nambala ya Mayi a Ambulera ndalemba kuseri kwa pepalali. Muimbe tsiku lomwe mulandire kalatayi, masana, mphunzitsi atawerukako, ndipo muwauze aike foni pokweza kuti amve onse awiri. Musanene kuti panali kusamvetsetsana. Musanene kuti antchito analakwitsa. Munene kuti munanama, kuti siponji inali yakale, kuti nsikidzi zinachokera kwa ife, ndipo kuti mtsikanayo alibe mlandu. Akakutukwanani mupirire, ine ndapirira kale gawo langa. Mwana uja ali ndi pakati ndipo zovala zake zili panja m'thumba. Imbani.

Ndine mlongo wanu,

Tsabola